App yomangidwa usiku umodzi: nanga makiyi a nkhokwe ali ndi ndani?

Pali nkhani imene yayamba kumveka kawirikawiri pakati pa anthu osunga mabuku a timagulu ta cilimba ndi village banking, makopaletivu a alimi, ndi masukulu aang'ono a m'makomboni. Wacinyamata wa pabanja, mwina mdzukulu amene wangomaliza Giredi 12 kapena ali ku koleji, amaona agogo ake akuvutika ndi kaundula wong'ambika ndipo amati: “Lekani kuvutika ndi mabuku, ndikupangirani app.” Zaka zisanu zapitazo mau otere tikanangowaseka, podziwa kuti kupanga pulogalamu ya pa foni inali nchito ya miyezi yambiri, ya akatswiri olipidwa ndalama zoculuka. Lero sitingaseke, pakuti m'mawa mwake mwanayo amabweradi ndi cinthu cooneka bwino, cokhala ndi malo olembapo maina, cowonkhetsa ndalama cokha, mwinanso coyankha mafunso ngati munthu.

Zimenezi sizikucitika m'nyumba mwathu mokha. Mu November 2024, Unduna woona za sayansi ndi luso lamakono, motsogozedwa ndi a Felix Mutati, unakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya zaka za 2024 mpaka 2026 yonena za nzeru zopangidwa ndi anthu, zimene aliyense tsopano amangozichula kuti AI. Caka cotsatira, olemba dikishonale ya Collins ku Britain anasankha mau akuti vibe coding kukhala mau a caka ca 2025. Mauwa anayamba ndi Andrej Karpathy, mmodzi wa anthu amene anayambitsa kampani ya OpenAI, mu February caka comweco. Tanthauzo lake ndi kupanga pulogalamu mwa kungouza makina zimene ufuna, osawerenga n'komwe zimene makinawo alemba. Mwini wake ananena kuti njirayi imayenera tinchito toseweretsa pa mapeto a sabata, totaya pambuyo pake. Mbali imeneyo ya mau ake ndi imene ambiri sanaimve.

Taona kuti ndi bwino tiikambirane nkhaniyi, cifukwa m'mabuku aja muli maina a anthu, manambala a NRC, manambala a foni, ndi nkhongole za anansi athu. Maganizo athu ndi akuti cimene cachipa ndi kumanga kokha. Kusunga zinsinsi za anthu ndi kuyankha mlandu zinthu zikalakwika kudakali pa mapewa a munthu amene waika app ija m'manja mwa anzake.

Kodi low-code n'ciani?

Pulogalamu iriyonse yosunga za anthu iri ndi mbali zitatu. Pali nkhope, imene timaona pa foni ndi kudinapo. Pali nkhokwe, kumene zolembedwa zonse zimakasungidwa, kawirikawiri pa kompyuta yaikulu ya kampani ina kutali. Ndipo pali malamulo: ndani aloledwa kuona ciani, ndani angasinthe nambala, ciwongoladzanja ciwerengedwa bwanji. Kale katswiri anali kulemba zonsezi ndi manja, mzere ndi mzere, m'cinenero ca makompyuta.

Zipangizo za low-code zinabwera kudzafupikitsa nchitoyo. Aliyense amene anamangapo nyumba mu Lusaka adziwa kuti sufunika kukhala wowocherera zitsulo kuti ukhale ndi citseko: umapita ku Kalingalinga, umagula felemu yopangidwa kale, n'kuiika pa khoma. Low-code ndi cimodzimodzi. Fomu yolembapo, batani, ndandanda ya maina, malo oikapo cithunzi, zonse zinapangidwa kale; iwe umangozikoka ndi kuzilumikiza, ndipo pamene pafunika kulemba umalemba pang'ono cabe. Dzinali linachuka mu 2014 kudzera mwa kampani yofufuza za malonda ya Forrester. Microsoft inatulutsa Power Apps kwa anthu onse mu 2016, ndipo Google inagula AppSheet mu January 2020, cipangizo cimene cimatenga ndandanda ya mu Google Sheets kapena Excel n'kuisandutsa app ya pa foni.

AI inalowa m'nkhaniyi pa makomo awiri, ndipo tiyenera kuwasiyanitsa cifukwa zoopsa zake n'zosiyana. Khomo loyamba ndi AI yomanga. ChatGPT itatuluka pa 30 November 2022, sipanapite miyezi yambiri Microsoft inaika Copilot mu Power Apps, mu March 2023, kuti munthu azingolemba kuti “ndifuna kaundula wa alimi ndi matumba a feteleza amene aliyense walandira” ndipo makina amange okha. Makampani atsopano monga Lovable ya ku Sweden ndi Replit ya ku America anapitirira pamenepo: kukoka ndi kulumikiza kuja kunacepa, kunatsala kukambirana ndi makina basi. Khomo laciwiri ndi AI yokhala m'kati mwa app yomalizidwa, yotumikira anthu tsiku ndi tsiku: kuwerenga lisiti lojambulidwa ndi foni, kumasulira uthenga, kuyankha mafunso a makasitomala usiku mwini wake ali mtulo.

Tisabise, ubwino wake ulipo ndipo ndi waukulu. Mlembi wa kopaletivu ku Katete kapena ku Petauke amene amalemba maina mazana awiri katatu pa caka, m'mabuku atatu osiyana, adziwa maola amene amatayika ndi zolakwa zimene zimalowa pokopera. Sukulu yaing'ono imene siingakwanitse kulemba nchito katswiri ingathe tsopano kudziwa pa mphindi imodzi mwana amene sanalipire. Mwini kantemba angadziwe katundu amene watsala osawerenga mashelufu. Acinyamata athu, amene ena a iwo anaphunzira m'malo monga BongoHive, imene yakhala ikuphunzitsa za luso limeneli mu Lusaka kuyambira 2011, apeza njira yopezera ndalama popanda kudikira kulembedwa nchito. Sitifuna kuti wina awerenge nkhani ino n'kukalanda mdzukulu wake foni.

Nkhokwe zimene zinasiyidwa zosakhoma

Koma tiyeni tione zimene zinacitika kwa anthu amene anali ndi ndalama ndi akatswiri kuposa ife.

Mu May 2021, ofufuza a kampani yoona za citetezo ca makompyuta yochedwa UpGuard anapeza cinthu codabwitsa pa mawebusaiti omangidwa ndi Power Apps. Mabungwe ambiri ku America anali atagwiritsa nchito cipangizoci kumanga mwamsanga malo olembetsera katemera wa COVID-19, otsatira anthu amene anakhudzana ndi odwala, ndi ofunsira nchito. Pa nkhope zonse zinali bwino: munthu anali kulowa ndi dzina lake ndi kuona zake zokha. Koma kumbuyo kunali khomo lina, limene mapulogalamu amagwiritsa nchito potengana zolembedwa, ndipo khomo limenelo linali lotseguka kwa aliyense wodziwa adiresi yake. Sipanafunike kuthyola ciriconse kapena kuba pasiwedi. Kungolemba adiresiyo pa intaneti, ndandanda yonse inali kutuluka.

Pamene UpGuard inafalitsa zimene inapeza, pa 23 August 2021, inawerengera zolembedwa 38 miliyoni za m'mabungwe 47. Pakati pawo panali American Airlines, Ford, dipatimenti ya zaumoyo ya Maryland, boma la Indiana, masukulu a mzinda wa New York, ngakhalenso Microsoft yeniyeniyo. Munali maina, ma adiresi a imelo, manambala a foni, masiku a katemera, ndi manambala a boma ozindikiritsa anthu ofunsira nchito.

Cimene citikhudza kwambiri ndi gwero la vutolo. Loko inalipo, koma cipangizoco cinali kubwera iri yosakhoma, ndipo womanga anafunika kudziwa yekha kuti pali kabokosi kofunika kucongapo kuti nkhokwe itsekeke. Zinalembedwa m'malangizo, inde, koma munthu amene wauzidwa kuti cipangizo ici n'cosavuta, cosafuna ukatswiri, sawerenga masamba a malangizo. Poyamba Microsoft itauzidwa inayankha kuti cipangizoco cinali kugwira nchito monga cinapangidwira. Pambuyo pake inasintha kuti loko izibwera yokhoma kale, ndipo inatulutsa kacipangizo koti mabungwe adzifufuzire okha. Apa m'pamene pali msampha wa low-code: imacotsa kufunika kodziwa kulemba pulogalamu, koma siicotsa kufunika kodziwa mafunso amene katswiri amadzifunsa asanapereke nchito.

Wina angati zimenezo n'zakale, AI isanabwere, ndipo makina anzeru sangaiwale kukhoma. Zaka zinai pambuyo pake vuto lomwelo linabweranso. Mu 2025, katswiri wina wa ku Replit (tidziwe kuti ndi kampani yopikisana nayo pa malonda) anafufuza ma app 1,645 omangidwa ndi Lovable ndipo anapeza kuti 170 mwa iwo anali kulola mlendo kuwerenga za anthu ena: maina, ma imelo, za ndalama, ndi makiyi acinsinsi olowera m'mautumiki olipiridwa. Ndiye kuti pafupifupi app imodzi mwa khumi iriyonse. Colakwika cinali ca mtundu womwe uja: lamulo lakuti munthu aliyense aone mzere wake wokha m'nkhokwe linali losaikidwa kapena loikidwa molakwika. Makina anamanga zimene anauzidwa, ndipo womanga sanadziwe kuti panali cina cofunika kuuza.

Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. App yokhoma bwino ndi app yosakhoma zimaoneka cimodzimodzi pa foni. Zonse ziwiri zimatseguka, zimalandira dzina, zimawonkhetsa molondola. Mdzukulu uja akamaonetsa komiti nchito yake, palibe ciriconse pa galasi la foni cimene cingauze iye kapena komitiyo kuti nkhongole za mamembala onse zingawerengedwe ndi munthu wa ku dziko lina. Iye sakunama, sakudziwa cabe.

Pali nkhani inanso yaifupi ya mu July 2025. Jason Lemkin, wamalonda wodziwika ku America amene anayambitsa SaaStr, anali kumanga pulogalamu ndi AI ya Replit ndipo anailamula momveka kuti isasinthe kanthu. Iyo inafafaniza nkhokwe yonse yokhala ndi za akuluakulu a makampani oposa 1,200, kenaka inamuuza kuti zofafanizidwazo sizingabwezedwe. Zimenezonso sizinali zoona, pakuti iye anazibweza. Mkulu wa Replit, Amjad Masad, anapepesa poyera, ndipo kampaniyo inayamba kulekanitsa nkhokwe yoyeserera ndi nkhokwe yeniyeni. Katswiri aliyense amaphunzira kulekanitsa ziwirizi m'caka cake coyamba. Munthu womanga ndi pakamwa sanamvepo kuti ziripo ziwiri.

Makina akayankha m'dzina lanu

Tibwere ku khomo laciwiri, AI yokhala m'kati mwa app. Lero kuika kabokosi koyankha mafunso pa webusaiti kapena pa WhatsApp ya bizinesi ndi nchito ya madzulo amodzi. Funso ndi lakuti, kabokosiko kakanena zabodza, mlandu ndi wa ndani?

Khoti laling'ono la ku British Columbia, m'dziko la Canada, linayankha funsoli mu February 2024. Munthu wina amene agogo ake anamwalira anafunsa kabokosi ka pa webusaiti ya Air Canada za mtengo wocepetsedwa wa opita ku maliro. Kanamuuza kuti agule tikiti pa mtengo wonse ndipo adzapemphe kubwezeredwa m'masiku 90. Lamulo lenileni la kampaniyo silinali kulola zimenezo. Atapempha ndalama zake anakanizidwa, ndipo pa mlandu kampaniyo inayesa kunena kuti kabokosiko kali ndi udindo pa mau ake kokha. Khoti linakana maganizo amenewo, n'kulamula kampaniyo kulipira madola a ku Canada pafupifupi 812. Ndalamazo n'zocepa, koma mfundo yake ndi yomveka kwa aliyense amene anatumapo mwana kumsika: mau a mthenga ndi mau a womutuma. Sukulu imene kabokosi kake kauza kholo fizi yolakwika, kapena gulu limene app yake yauza membala kuti nkhongole yake yatha pamene siinathe, lidzakumana ndi munthuyo maso ndi maso.

Ndipo makina amenewa sanama mwadala. Amagwira nchito mwa kulosera mau amene ayenera kutsatira, potengera zolembedwa zoculuka zimene anaphunzitsidwa nazo. Akasowa yankho salephera kulankhula. Amapanga yankho looneka ngati loona, ndi mau odzidalira omwe aja.

Kwa ife pali vuto loonjezera la cinenero. Zolembedwa zambiri za pa intaneti ziri m'Cingerezi, ndipo zinenero zathu zisanu ndi ziwiri za m'masukulu ndi pa wailesi, Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, ziri ndi zocepa kwambiri. Google Translate inalandira Cicewa mu 2014, koma Cibemba ndi Citumbuka zinadikira mpaka 2024. Ngakhale Cinyanja cimene makinawa amadziwako ndi ca m'mabuku, cambiri cocokera ku Malawi. Amai a ku Chawama kapena ku Mtendere akalemba uthenga wao wa tsiku ndi tsiku, wosakaniza Cinsenga, Cibemba ndi Cingerezi, makina angamve theka n'kuyankha ngati amva zonse. Ofufuza a pa University of Zambia ayamba kusonkhanitsa mau olankhulidwa a zinenero zathu m'nchito yochedwa Zambezi Voice, ndipo tiwayamikira, koma ulendo udakali wautali. N'cimodzimodzi ndi kuwerenga zolemba pamanja. M'kaundula mmene muli a Phiri asanu ndi a Banda asanu ndi awiri, makina owerenga cithunzi ca tsamba akasokoneza 1 ndi 7, kapena kuika K500 ya Banda uyu pa Banda uja, palibe belu limene lidzalira. Colakwaco cidzaoneka pa tsiku logawana, pamene mitima yatentha kale.

Lamulo la dziko lino

Ambiri a ife sitidziwa kuti Zambia iri ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, lamulo nambala 3 la 2021. Lamuloli silikhudza mabanki ndi makampani a foni okha. Limakamba za aliyense amene amasonkhanitsa za anthu ena ndi kusankha mmene zidzagwiritsidwira nchito, kupatulapo zinthu za munthu payekha. Limafuna kuti wosunga zotere alembetse ku ofesi ya Data Protection Commissioner, kuti asonkhanitse zofunika zokha pa colinga cimene wanena, kuti za mwana zitengedwe ndi cilolezo ca kholo, ndiponso kuti zinsinsi zikatuluka auze ofesiyo m'maola 24.

Pali mfundo ina imene ikhudza low-code mwacindunji. Monga linalembedwera mu 2021, lamuloli limati za anthu zisungidwe pa makompyuta a m'dziko muno. Nduna ingalole mitundu ina kusungidwa kunja, koma zinsinsi zimene lamulo limaziona kukhala zapadera ziyenera kukhala m'Zambia. M'gulu limeneli muli za umoyo wa munthu, mtundu wake, ngati ali pabanja, maganizo ake pa ndale, zidindo za zala, ndi cipembedzo cake. Tsono zipangizo zambiri za low-code zimasunga zonse pa makompyuta a Microsoft, Amazon kapena Google, ndipo malo ao apafupi kwambiri ndi ife ali ku South Africa, ku Johannesburg ndi Cape Town. Womanga akapanda kusankha, nthawi zambiri nkhokwe imakhala ku Ulaya kapena ku America. Ndipo app ikatumiza funso kwa AI kuti iyankhe, mau a funsolo, pamodzi ndi dzina kapena matenda ochulidwamo, amaoloka nyanja ulendo uliwonse.

Apa nkhaniyi itikhudza ifenso monga mipingo, ndipo tinene mosazungulira. Kaundula wa mpingo, mwa kungokhalapo kwake, amaulula cipembedzo ca munthu aliyense wolembedwamo. Buku la maukwati limaulula za banja. Ndandanda ya odwala ofunika kuwayendera imaulula za umoyo, nthawi zina matenda amene munthu sanauze ngakhale abale ake. Mlembi wa mpingo amene wapatsidwa app yaulere ndi wacinyamata wa mtima wabwino angakhale atatumiza zonsezi kunja kwa dziko asakudziwa.

Za ndalama

Mau akuti “ndi yaulere” tiwamve mosamala. Zipangizo zambiri zimalola kumanga ndi kuyesa kwaulere, ndipo malipiro amayamba pamene anthu ayamba kugwiritsa nchito, ndiye kuti pamene kubwerera m'mbuyo kwavuta. Laisensi yokwanira ya Power Apps yakhala pa madola 20 munthu mmodzi pa mwezi. Ofesi ya anthu khumi ndiye madola 200. Mu 2024, pamene dola inapitirira K27, imeneyo inali K5,400 mwezi uliwonse, ndipo mtengowo umakwera ndi kutsika pamodzi ndi kwacha popanda wina kukufunsani. AI ya m'kati imalipiridwa payokha, powerengera tizidutswa ta mau tochedwa token, ndipo mau a Cinyanja amadulidwa tizidutswa tambiri kuposa a Cingerezi. Funso limodzimodzi limadya ndalama zambiri likafunsidwa m'cinenero cathu, cimene makinawo amacimvanso mocepa.

Cina n'cakuti nyumba yomangidwa ndi low-code iri pa malo a lendi. Zipangizo zambiri sizilola kunyamula app yanu n'kukaiika kwina. Mungatenge zolembedwa zanu, koma nkhope ndi malamulo muyenera kumanganso. Kampani ikakweza mtengo mulipira, ikagwa mugwa nayo. Builder.ai ya ku London inalonjeza kuti kupanga app kudzakhala kosavuta ngati kuitanitsa cakudya, inalandira ndalama kwa Microsoft ndi ku thumba la boma la Qatar, ndipo inawerengedwa kukhala ya mtengo woposa madola 1 biliyoni. Mu May 2025 inagwa, zitadziwika kuti malonda ake anali ocepa kwambiri kuposa amene inali kunena. Makasitomala ake anatsala akufunafuna mmene angapulumutsire nchito zao.

Za magetsi sitifunika kukumbutsana kwambiri. Tonse tikumbukira 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, pamene madera ambiri anali kuona magetsi maola atatu cabe pa tsiku ndipo netiweki inali kuzima pamodzi nao. App imene siitseguka popanda intaneti ikanakhala yopanda nchito pa masiku amenewo. Zina, monga AppSheet, zimatha kugwira nchito popanda netiweki n'kutumiza pambuyo pake, koma womanga ayenera kuzikonza motero kuyambira paciyambi, ndipo mbali ya AI kawirikawiri siigwira popanda intaneti.

Nanga mdzukulu uja timuyankhe ciani?

Ife tikuti amange, koma komiti isankhe bwino poyambira. Kuwerengera katundu wa m'sitolo, ndandanda ya masiku a misonkhano, kulemba mvula imene yagwa kapena matumba amene alowa m'shedi, zonsezi zikatuluka kunja palibe amene avulala, ndipo ndi malo abwino ophunzirirapo. Za umoyo, za ana, manambala a NRC ndi nkhongole za anthu zidikire kufikira munthu wodziwa za citetezo ca makompyuta, wosakhala womanga yemweyo, ataiona nchitoyo kumbuyo kwake. Kulipira katswiri tsiku limodzi kuti afufuze n'kochipa kuposa kumulipira miyezi itatu kuti amange, ndipo pamenepo m'pamene phindu lenileni la zipangizozi liri. Pa ndalama, AI ingathandize kuwerenga lisiti, koma nambala isalowe m'buku munthu asanaione ndi maso; ndipo kuwonkhetsa kucitidwe ndi masamu wamba a mu pulogalamu, osati ndi makina olosera mau.

Pali mayeso ena amene komiti ingacite yokha ngakhale mulibe wodziwa makompyuta. Membala mmodzi alowe ndi dzina lake pa foni yake ndipo ayese, mwa njira iriyonse imene angaganize, kuona za mnzake. Wina atsegule adiresi ya app pa foni yacilendo osalowetsa dzina, aone cimene cituluka. Mayeso amenewa sagwira zonse, pakuti khomo la kumbuyo lija la 2021 silikanaoneka motere, koma amagwira zolakwa zoonekeratu. Womanga afunsidwe kuti nkhokwe iri m'dziko liti, ndipo ayankhe ndi dzina la dziko. Afunsidwenso kuti atulutse zolembedwa zonse mu Excel ndi kuziika pa fulashi pamaso pa komiti, kuti aliyense aone kuti n'zotheka ndi kuphunzira mmene zicitikira.

Funso limene limaiwalika kawirikawiri ndi la mwini akaunti. Nthawi zambiri app imamangidwa pa imelo ya wacinyamatayo, yolumikizidwa ku nambala ya foni yake ndi khadi lake la ku banki. Caka camawa iye apeza nchito ku Solwezi kapena apita ku sukulu kunja, foni ija itayika, kapena pabuka kusamvana m'banja, ndipo gulu lonse lipeza kuti makiyi a nkhokwe yao ali m'thumba la munthu amene sayankha foni. Akaunti itsegulidwe m'dzina la gulu, pa imelo ya gulu, ndipo anthu awiri a m'komiti adziwe pasiwedi, monga mmene bokosi la village banking limakhalira ndi maloko angapo ndi osunga makiyi osiyana. Mamembala nawonso auzidwe pa msonkhano kuti maina ao aikidwa pa intaneti, ndipo avomere, pakuti maina ndi ao.

Buku lakale lija lisatayidwe msanga. Liyende pamodzi ndi app kwa nyengo imodzi yathunthu, mlembi akulemba monse muwiri, ngakhale kuti ndi nchito yowirikiza ndipo mdzukulu adzadandaula. Pa tsiku logawana ndalama, msungicuma awerenge ciwonkhetso ca m'buku, wina awerenge ca pa foni, ndipo ngati zasiyana ngakhale ndi K10, apeze pamene zasiyanira asanatsegule bokosi.